Fifite ya a Kamanga

Mthuthuthu wa a Wenceslaus Kamanga unafika ku Kafue pa sitima m'chaka cha 1959, ndipo amene anasaina kuti wafika anali iwo omwe, pakuti anali kalaliki pa shedi ya katundu ku siteshoni. Unali waung'ono, wobiriwira, wopangidwa ku Mangalande. M'bokosi munalinso kabuku ka malangizo, ndipo sabata isanathe a Kamanga anali atakaloweza kuposa katekisimu.

Munthu akangowapatsa moni ankamva zonse. Injini ya masiisii 125. Magiya atatu. Mphamvu ya mahachi anayi ndi theka. Petulo wosakaniza ndi oyilo, galoni imodzi kukufikitsa ku Lusaka, kukubweza, ndi kukupititsanso. Liwiro lake lomaliza, malinga ndi kabukuko, linali mamailosi fote faifi pa ola.

Chilonda chinali pamenepo. A Kamanga anali munthu wathupi, ndipo singano ya pa wotchi ya liwiro inkafika pa sate faifi n'kuyamba kunjenjemera ngati ya malungo. Anayesa potsetsereka atawerama mpaka chibwano kugunda thanki. Ankatsuka pulagi Loweruka lililonse. Anasiya ngakhale kuvala jekete. Singano osapitirira.

Mlamu wawo Jethro, amene ankabweretsa nsomba zouma kuchokera ku Chanyanya pa njinga yakapalasa, sankawasiya mtendere. Tsiku lina anawapitirira pamchenga wa pafupi ndi msika, dengu la nsomba lili kumbuyo, akuliza belu.

"Mulamu, mahachi yaja yanayi yali kuti?" anafunsa amayi a pamsika akumva. "Ine niona monga ni mbuzi ziwili."

Nkhaniyo inafika mpaka kutchalitchi.

M'mwezi wa Ogasiti, mmawa wina, wapolisi wachizungu wongofika kumene m'dzikomo anabisala kuseri kwa mtengo wa mkuyu, pa msewu waukulu wochokera ku mlatho. Anali ndi wotchi m'manja, akuyeza nthawi imene galimoto ikutenga pakati pa mitengo iwiri ya telefoni. Kaya anachedwa kudina, kaya anasokoneza mitengo, palibe akudziwa. Anatulukira n'kuimika a Kamanga, amene singano yawo inali pa sate, monga lamulo la m'tauni linkafunira.

"Fifite," anatero wapolisiyo m'Chingerezi, akuloza wotchi.

A Kamanga anazimitsa injini kuti amve bwino, napempha kuti bwana abwereze. Wapolisi anaganiza kuti ndi chipongwe. Anabwereza mokalipa, nalemba samani yowaitanira kukhoti.

Akazi awo, a Peggy, ataona pepalalo sanade nkhawa. "Tengani kabuku kanu kaja mukawaonetse kukhotiko. Ife mwationetsa kokwanira."

Madzulo ake kunabwera Ferdinand Mvula, womasulira wa kukhoti, amene ankaimba naye besi m'kwaya.

"Ba Kamanga, mlandu uyu ulibe mutu," anatero Ferdinand. "Buku ikamba fote faifi, ndipo iyo ni ya munthu woonda. Itanani Jethro akhale mboni. Tauni yonse iziwa kuti anakupitililani na nsomba kumbuyo. Muzatuluka mu maminiti yasanu."

A Kamanga anathokoza, namuperekeza mpaka pamsewu. Kabukuko anakaika pansi pa matiresi.

Tsiku la mlandu anavala suti. Woweruza anali mzungu wachikulire amene pa nthawi ya nkhondo ankayendetsa makalata pa mthuthuthu, choncho zinthuzi ankazidziwa. Anawerenga pepala, anayang'ana mimba ya a Kamanga, kenaka anayang'ana wapolisi kwa nthawi yaitali mpaka makutu a wapolisiyo anafiira.

"Mufunseni ngati akuvomera kapena akukana," anauza Ferdinand.

Ferdinand anamasulira, natsindika liwu loti kukana.

"Nivomela, bwana," anatero a Kamanga.

Woweruza anavula magalasi. Ananena kuti sakufuna kulanga munthu pa chinthu chosatheka, ndipo anafunsa ngati a Kamanga akukhulupiriradi kuti kanjinga ka masiisii 125 kangawanyamule iwo pa fifite. Ndi funsolo anali atawatsegulira chitseko, kunangotsala kutulukirapo.

"Bwana wapolisi anaona na maso yake," anayankha a Kamanga modzichepetsa. "Ine ndine ndani kuti nitsutse Boma?"

Ferdinand anamasulira pang'onopang'ono, ngati munthu amene akumeza mankhwala. Zaka zimenezo anthu ambiri ankalowa m'khotimo chifukwa chotsutsa Boma, ndipo woweruza anali asanakumanepo ndi munthu wolivomereza molimba chotero. Anagamula kuti asakwere mthuthuthu miyezi itatu. A Kamanga anapempha chinthu chimodzi chokha: chigamulocho achilandire cholembedwa, chokhala ndi chidindo.

Miyezi itatuyo inagwera pa dzuwa la Okutobala. Ankayenda wapansi kupita ku siteshoni, thukuta likuyenderera m'kolala, nkhope ili mwee. Pepalalo analiika m'felemu pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Jethro anabwera, analiwerenga kawiri akutsata ndi chala, nafunsa ngati chidindocho n'chenicheni. Atauzidwa kuti n'chenicheni anangomwa tiyi wake. Madalaivala a malole ankapatukira kunyumbako kudzaona mthuthuthu uli pakhonde, wofunditsidwa bulangete.

Chilango chitatha, Kafue yense anali akudziwa kuti munthu wothamanga kuposa onse ndi a Kamanga. Tsiku lina mayi ake a Peggy, amene ankakhala ku Mazabuka, anatumiza uthenga kuti akufuna mankhwala awo a miyendo tsiku lomwelo. Kuchokera ku Kafue kukafika ku Mazabuka ndi mamailosi ngati fifite. Achibale anawerengera mosavuta: ola limodzi kupita, ola limodzi kubwera. A Kamanga ananyamuka 8 koloko mmawa anthu akuwakweza manja. Anabwerako 12 koloko itadutsa, osaima paliponse kupatula kupereka botolo pakhomo, msana ukuwawa, fumbi mpaka m'mano.

Anapeza Jethro ndi azakhali awiri a Peggy atakhala pakhonde. A Peggy anawapatsa madzi, nadikira kuti amalize kumwa.

"Maola yawili yenango munali kuti, atate ake Christine?" anafunsa mofatsa. M'maso mwawo munkaoneka kuti yankho akulidziwa bwino lomwe.

Azakhali aja anayang'anizana. Mmodzi anatchula dzina la mayi wina wogulitsa mowa m'njira ya ku Mazabuka. Jethro anaweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

A Kamanga anali asanalawepo mowa chibadwire. Anaika kapu pansi, napukuta kukamwa.

"Ninaima pa bala," anatero.

Lamlungu lotsatira bambo mfumu anawaitana misa itatha, nawalangiza kwa theka la ola za kuipa kwa kuledzera. A Kamanga anamvetsera chipewa chili m'manja, nalonjeza kuti ayesetsa kusiya.