Mchira wa Kanema wa Ukwati

Chimbale cha mayi chinayamba chibwibwi. Chikafika pamene akwati akudula keke, mpeni unkaima m'malere, nkhope ya mkwati, mwana wawo wamwamuna, n'kusweka timabokosi, kenako zii. Mayi ankachitulutsa, kuchiuzira mpweya, kuchipukuta ndi diresi, n'kuchibwezeramo, ngati kuti chimbale chimamva kunyengerera. Ankachionera Lamlungu lililonse chimwalirireni bambo, chifukwa ndi mokhamo mmene bambowo ankayendabe. Ankaoneka pang'ono chabe, akukonza tayi ndi kugwedeza mutu. Mawu ayi. Bambo anali munthu woumira mawu, ndipo m'nyumba monse munalibe kanthu kamene kanasunga liwu lawo.

Mzime, mwana wawo wotsiriza, yemwe anali telala, anaona kuti zinthu ziwiri zikutha pamodzi, chimbale ndi maso a mayi. Mpando wawo unkasenderera kufupi ndi wailesi ya kanema mwezi ndi mwezi. Tsiku lina anakulunga chimbalecho m'kansalu n'kupita nacho kwa aMawaya, mkulu wokonza makompyuta, amene kashopu kawo kanali pansi pa masitepe, pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa mankhwala.

AMawaya anachiyang'ana pa kuwala, napukusa mutu.

"Chadwala ndithu, koma chikupuma. Khalani pansi, mayi telala. Makina anga ndi ouma mutu, akakhumudwa pamalo amabwereza mpaka awerenge."

Makinawo analira, kutsokomola, kuyambiranso, mpaka dzuwa linapendeka. Potsiriza pa kompyuta panaoneka kafayilo kamodzi.

"Ukwati wonse uli mmenemu," anatero aMawaya. "Ndi chifanizo cha chimbale chanu, chonse mmene chilili. Chatsala n'kuchiwotchera pa chimbale chatsopano."

Mzime anawerenga yekha. Fayilo inali magiga 4.5, ndipo pa chimbale chatsopanocho panalembedwa 4.7. Munthu woyeza ziuno tsiku ndi tsiku sachita kuuzidwa kuti chaching'ono chimalowa m'chachikulu. Anamwetulira, nayamba kutolera chikwama chake. Koma kompyuta inalavula chimbalecho, ikuti malo achepa.

"Bambo, makina anuwa masamu anaphunzira kuti?"

AMawaya anaseka mpaka magalasi awo omangidwa ndi waya anatsetsereka.

"Onse awiri akunena zoona. Wopanga chimbale akawerenga kufika chikwi, amati mulu wakwana. Kompyuta imati ayi, mulu wanga ndi chikwi ndi makumi awiri mphambu zinayi. Kusiyana kwake n'kochepa, koma miyulu ikamaunjikana pa miyulu inzake kumakula. Chimbale cha 4.7 ichi, kompyuta imachiona ngati 4.4 yosakwana."

Mzime anaomba m'manja pang'ono.

"Mayadi ndi mamita. Wogulitsa nsalu wayeza mayadi, ine ndayeza mamita, nsalu ndi yomweyo koma diresi silikwana."

"Basi, mwandilanda ntchito."

"Nanga chakalechi chinakwana bwanji?"

AMawaya anachinyamula ndi nsonga za zala, nachipendeketsa kuti utawaleza uyende pamwamba pake. Anati mkati mwake muli kanjira kozungulira, kopyapyala kuposa tsitsi, kamene mutakatambasula mungayende nako mtunda wautali wapansi. Ndipo chimenechi chinali ndi tinjira tiwiri, kena pamwamba kena pansi. Kuwala kumadutsa koyambako osakawononga, n'kukawerenga kachiwiri. Mzime anachigwira m'mphepete. Chinthu chopyapyala ngati chikhadabo, koma cha nsanjika ziwiri, ndipo bambo ake akuyenda mmenemo. Anachita mantha pang'ono, mantha okoma.

Vuto linali lakuti zimbale za nsanjika ziwirizo zinali zosowa, zochita kuitanitsa kutali, ndipo Lamlungu linali pafupi.

"Tidule mpendero," anatero Mzime. "Galimoto ya akwati ikachoka, kumapeto kuli mdima wokhawokha. Wojambula anaiwala kuzimitsa kamera. Mayi amazimitsira pomwepo, palibe anaonerapo mchira umenewo."

"Inu mumadula nsalu musanaitambasule?"

Sankatero, choncho anaonera. Galimoto inachoka, anthu anabalalika, chithunzi chinagwedezeka n'kukhazikika chopendekeka. Kamera inali itaikidwa pa mpando. Kunkaoneka miyendo ya matebulo, mabotolo ogwa ndi maluwa opondedwa. Mzime anatsegula pakamwa kuti anene kuti mwaonatu, pamene nsapato ziwiri zakuda zinalowa m'chithunzimo. Mwini wake anakhala pansi, nazivula imodziimodzi, n'kutambasula zala m'masokosi. Sokosi lakumanzere linali losokedwa pachidendene ndi ulusi wofiira. Mzime anauzindikira ulusiwo, chifukwa anasoka ndi iyeyo akuphunzira ntchito.

Kenako panadutsa mapazi a mayi, ofulumira monga mwa nthawi zonse.

"Amake ana," linatero liwu lalikulu, lofatsa. "Takhalani apa pang'ono. Anthu apita."

"Ndikhale, mbale zitsukidwa ndi ndani? Valani nsapato, mungatichititse manyazi."

Mapazi a mayi anatuluka m'chithunzi. Bambo anatsala okha. Anaseka chapansipansi, nalankhula kwa mipando yopanda anthu.

"Ukwati wonsewu ine ndimayang'ana iyeyu. Mkwatibwi sindinamuone n'komwe."

Ndipo anayamba kuimba kanyimbo kopanda mutu, kongopeka okha, mawu akusochera uku ndi uko. Bambo amene ana awo sanawamvepo akuimba ngakhale kamodzi.

Mzime anagwira pakamwa. Zaka zonsezo liwu limeneli linali m'nyumba mwawo, pamwamba pa wailesi ya kanema, likupukutidwa ndi diresi la mayi, ndipo iye anatsala pang'ono kulidula kuti manambala agwirizane. AMawaya anavula magalasi n'kuyamba kufunafuna kanthu m'kabati, kanthu kamene sikanapezeke.

"Itanitsani cha nsanjika ziwiri," anatero Mzime. "Tidikira."

Lamlungu limenelo mayi anadandaula tsiku lonse kuti ana a masiku ano akatenga chinthu sabweza.

Chimbale chatsopano chitafika, aMawaya n'kuwotcherapo ukwati wonse, Mzime anachiika yekha m'makina a kunyumba. Mpeni unadula keke bwinobwino, mayi n'kuvomera ndi mutu. Galimoto itachoka, anatambasula dzanja kuti azimitse, koma Mzime analigwira.

"Dikirani, amayi. Sichinathe."

"Kwatsala chiyani? Ine ndikungoona mdima."

"Musayang'ane. Mverani."

Nsapato zinagwa pansi, imodzi, kenako inzake. Mayi anapendeketsa mutu.

"Amake ana. Takhalani apa pang'ono. Anthu apita."

Mayi anamva liwu lawo lomwe likukana, anamva mapazi awo akuchoka, kenako anamva zimene zinanenedwa iwo atapita. Nyimbo yosochera ija itayamba, anakoka mpando wawo mpaka mawondo anagunda tebulo la wailesi, nasendeza khutu pafupi.

"Ndakhala, abambo ake," anatero. "Mbale zidikire."