Mwana wa Kuseri kwa Nyumba ya Kesala

Ajira ankapalira chinangwa m'munda mwake kumtunda kwa Nkhudzi pamene anaona anthu akubwera. Patsogolo panali Howard, bambo woperekeza alendo a ku loji, ndi mzimayi wachizungu wa imvi. Kumbuyo kwawo amuna awiri ankavutika ndi mwala waukulu wosemedwa bwino.

Pakati pa mundawo panali bwinja la nyumba ya Mjeremani wina, Kessler, amene anthu ankangomuti Kesala. Iyeyu anabwera ndi mkazi wake ndi ana awiri kudzalima thonje nkhondo yachiwiri isanayambe.

"Mayi, awa ndi a Birgit, mdzukulu wa a Kesala," anatero Howard. "Akupempha kuti aike mwalawu pabwinjapa, ukhale chikumbutso."

Birgit anayamba kulankhula mwansangala, Howard akumasulira. Akuti amayi ake anakulira pomwepo, ndipo mpaka imfa yawo sanaiwale nyumbayo. M'mawa munkamveka fungo la buledi, madzulo bambo ankaimbira ana nyimbo zakwawo. Pa Khirisimasi ankadula kamtengo n'kukakongoletsa ndi thonje pokumbukira chisanu cha ku Jeremani. Pamwalapo panalembedwa mayina anayi, ndipo m'munsi mwake dzina la galu wawo.

"Galu?" anafunsa Ajira.

"Ee, mayi. Akuti ankamukonda kwambiri."

Ajira anaponya khasu pansi. Amayi ake, a Naima, anabadwira kuseri kwa nyumba yomweyo. Kesala anapatsa mimba mtsikana wachiyawo amene ankawachapira zovala, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Dona, mkazi wa Kesala, nayenso ankadziwa. Tsitsi la mwanayo likangoti latalika, dona ankamumeta mpala kuti alendo asaone kufanana ndi mwana wake wamkazi. Buledi uja, Naima ankangomva fungo. Thonje la pa kamtengo kaja ankatola ndi iyeyo, koma kulowa m'nyumba kukaona kunali koletsedwa. Nkhondo itayamba, Angelezi anabwera kudzatenga banjalo. Kesala anachonderera asilikali kuti adikire kaye akasiye galu kwa mnzake. Mwana wake Naima anaima pamsewu, bamboyo osacheuka n'komwe.

Zonsezi Ajira anazinena mokuwa. Ananenanso momwe amayi ake anakulira akunyozedwa kuti mzungu wopanda nsapato. Koma Birgit ankangogwedeza mutu uku akumwetulira.

"Iwe Howard, ukumuuza chiyani?" anakalipa Ajira. "Ine ndikulavula moto, mayiyu akumwetulira?"

"Mayi, ndi mlendo ameneyu. Ndangoti mukuikumbukira bwino nkhani ya banjalo."

"Mlendo? Amayi ake ndi amayi anga ndi ana a bambo mmodzi! Umuuze monga ndanenera. Ukachotsapo kanthu, uona."

Anamugwira Birgit pamkono n'kumukokera pafupi, nkhope ndi nkhope. "Yang'ana mphunoyi! Yang'ana masowa! Ndinagula pamsika?"

Howard anamasulira zonse, osasiyako. Birgit anafiira, anakhala pansi pa njerwa. Analira. Anati amayi ake sanatchulepo mwana wachitatu, ankangokamba za kamtsikana kena kometa kamene kankawasuzumira pazenera.

"Kamtsikanako kanali ndi dzina," anatero Ajira.

Birgit anapukuta misozi n'kunena kanthu mofulumira.

"Akuti awauza osema awonjezerepo dzina la a Naima," anatero Howard.

"Aliika pati? Pamwamba pa galu, kapena pansi pake?"

Amuna onyamula mwala aja anayang'ana kumbali.

"Amayi anga anagona kumanda a Asilamu, ndi dzina la amalume awo amene anawalera. Sakusowa mwala wa munthu. Munda uno anausiyira ine. Anagwetsa okha mitengo, ndi manja awo, eni nyumba atapita. Nyamulani chinthu chanucho."

Birgit anapempha kuti mwina angoona kumene a Naima anaikidwa. Ajira anakana. Mwala unabwerera momwe unabwerera, onyamula akung'ung'udza ndi kulemera kwake.

M'mawa mwake Birgit anafika yekha kunyumba kwa Ajira, wapansi, thukuta lili kamukamu. Ajira anamuyalira mphasa n'kumupatsa madzi, poti munthu sabwezedwa ndi ludzu. Anakhala moyang'anizana mpaka dzuwa linafika pamutu. Analibe chilankhulo chomvana, ndipo Ajira sanatume munthu kukaitana womasulira. Potsanzikana mzunguyo anatambasula manja onse awiri, Ajira anapereka limodzi lokha.

Sabata yomweyo Ajira anaitana ana ake aamuna kuti agumule zipupa zotsala za bwinjalo. Njerwa zake anamangira khola la mbuzi.