Kwai Fong ndi Mkazi wa Kalipentala

Kwai Fong anali atatha zaka zisanu ndi zinayi m'nyumba ya mahule ya Mayi Lok ku Singapo pamene Sau Ying ankatsika sitima. Dzina la Kwai Fong linali m'buku la boma pamodzi ndi chithunzi, ndipo chipinda chapamwamba choyang'ana kumsewu chinali chake. M'nyumba ya akazi khumi ndi mmodzi, chipinda chimenecho chinali ufumu.

Analinso ndi Tam Wing, kalipentala wokhoma mabokosi a maliro. Ankabwera Lamlungu masana, utuchi uli m'tsitsi, atanyamula malalanje kapena nkhumba yowotcha. Anzake ankamuseka Kwai Fong: "Wabweratu uja wodzakuyeza msinkhu!" Iye sankawalabadira. Kwa zaka zitatu Tam Wing ankanena kuti akadzatsegula shopu yakeyake adzamukwatira, ndipo Kwai Fong anali atasankha kale m'mutu nsalu zotchinga m'mawindo.

Sau Ying anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wakumudzi weniweni, zikhatho zokhakhala ndi khasu. Munthu wina ku Kantoni, kwawo kwa Matchaina, anamunamiza kuti kutsidya kwa nyanja kuli ntchito yosoka. Mayi Lok ankauza aliyense kuti ndi mwana wa mlongo wawo.

"Mwanangu," anatero Mayi Lok kwa Kwai Fong, "umuphunzitse mawu aja. Lachinayi tikupita naye kwa Bwana."

Lamulo linali lakuti mkazi asalembedwe m'buku asanaonekere kwa Mzungu woyang'anira nkhani za Matchaina, amene ankamufunsa payekha kudzera mwa womasulira. Mayankho anali atatu: ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndinabwera ndekha, palibe anandigulitsa. Kwai Fong anawanena tsiku lake loyamba, ndipo chaka ndi chaka akaitanidwa ankawabwereza ngati nyimbo.

Lamlungu lotsatira Tam Wing anafika Sau Ying akukolopa masitepe. Mtsikanayo anadzidzimuka, nagwetsa ndowa, madzi n'kumwazikira m'nsapato za kalipentala. Kwai Fong, ali pamwamba pa masitepe, anadikira kuti amve munthu akukalipa. M'malo mwake Tam Wing ananjuta, natola ndowa, napisa m'thumba n'kutulutsa lalanje.

"Usalire, mlongo. Kwanu n'kuti?"

Atamva dzina la mudzi, nkhope yake inawala. Unali tsidya lina la mtsinje wa kwawo. Anayamba kufunsana za mlatho, za msika, za mkulu wina wogulitsa abakha. Tsiku lonselo m'chipinda cha Kwai Fong nkhani inali yomweyo.

"Amayankhula ngati amayi anga," anatero Tam Wing, akusenda lalanje lotsalalo.

"Ndiye kamukwatireni, akakhale amayi anu."

"Ha, iwenso! Kamwana kameneka?"

Anaseka, koma maso ake anali kukhomo.

M'mawa mwake, akumwa phala la mpunga, Mayi Lok anangoponya mawu ngati sakunena kanthu. "Akalembedwa uyu, alowa chipinda cha kumsewu. Iwe usamukira kumbuyo. Kumsewu kumafuna nkhope yatsopano." Akazi ena anaweramira m'mbale zawo, wina n'kutsokomola mwadala. Kwai Fong anamaliza phala lake lonse.

Lachitatu anamutengera Sau Ying padenga poyanika zovala, namukhazika pansi kuti amupese. Tsitsi lake linali lalitali, lolemera, ndipo Kwai Fong ankakoka chipeso mopitiriza muyeso.

"Nena tione."

"Ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndinabwera ndekha..."

"Khala chete, chitsiru iwe. Mawa chitseko chikatsekedwa, Amayi sakhalamo. Unene zaka zako zenizeni. Utchule amene anakubweretsa. Unene kuti unkafuna ntchito yosoka."

Sau Ying anatembenuka. "Achemwali, Amayi akuti ndikalakwitsa Mzungu andiponya m'ndende."

"Bodza. Akupititsa kunyumba yosungirako atsikana. Kuli mpunga katatu patsiku, kuli singano ndi ulusi. Ukandiulula kuti ndakuuza ndine, ndidzakukolowola maso amenewa."

Mumtima mwake munalibe chisoni ngakhale kadontho. Ankangofuna kuti maso aja achoke pa masitepe.

Lachinayi anakhala pa benchi panja pa ofesi, iye ndi Mayi Lok, akudzikupiza. Chitseko chinachedwa kutsegulidwa. Chitatseguka, mayi wina wovala zoyera anatuluka atamugwira Sau Ying padzanja, ndipo wapolisi anaima pamaso pa Mayi Lok. Mayi Lok anakhala m'ndende miyezi itatu. Atatuluka ankangotukwana umbuli wa ana akumudzi, osaganizira Kwai Fong n'komwe.

Chipinda cha kumsewu chinakhalabe cha Kwai Fong. Tam Wing ankabwerabe, koma tsopano ankadumphitsa Malamlungu, ndipo nkhani ya ukwati sankaiyambanso. Atatsegula shopu yake kumsewu wa akalipentala, Kwai Fong anamva kwa anthu. Kenaka anasiyiratu kubwera.

Amene anabweretsa uthenga anali mayi wochapa zovala, chaka chitadutsa. "Simunamve? Wamabokosi uja wakwatira. Wakatenga mkazi kunyumba ya atsikana opulumutsidwa. Anapita ndi akuluakulu awiri omuikira umboni kuti ndi munthu wantchito, wosasuta, wopanda mkazi wina. Ati mtsikanayo anafunsidwa ngati akumufuna, sanachedwe n'komwe kuvomera."

Kwai Fong sanafunse dzina. Anavala malaya ake obiriwira a silika, nakwera ngolo yokokedwa ndi munthu, dzuwa lili paliwombo.

Anamupeza Tam Wing akupala thabwa. Atamuona, chopalira chinaima.

"Ndabwera kudzagula bokosi," anatero Kwai Fong mokweza, kuti a shopu zoyandikana amve. "Msinkhu wanga mukuudziwa. Zaka zinayi mwakhala mukuyeza."

"Fong, tsitsa mawu."

"Munati mukadzatsegula shopu. Iyi si shopu? Kapena ndi khola la abakha a kwanu?"

Tam Wing anapukuta manja pa malaya. "Ndinkanena zoona. Koma chaka chilichonse unkapita kwa Bwana, ndipo ndinkadikira kuti mwina ulendo uno ukanena kuti ukufuna kutuluka. Unkabwerako ukuseka, n'kumandiuza mmene wamupusitsira Mzungu."

"Munandiuzapo kuti ndinene?"

Nsalu ya kuchipinda inasuntha, Sau Ying n'kutuluka. Anali atanenepa pang'ono, tsitsi lomangidwa ngati mkazi wapabanja, mathalauza akuda osokedwa ndi manja ake. Atamuzindikira mlendoyo, anathamangira kukhitchini, nabwera ndi kapu ya tiyi. Anagwada pa utuchi, naikweza ndi manja awiri.

"Achemwali, imwani. Pakanapanda inu, bwenzi ndili kuti ine? Sindinauze munthu aliyense, ngakhale bambo akunyumba kuno. Koma ndikafukiza lubani ndimatchula dzina lanu."

Tam Wing anayang'ana mkazi wake, nayang'ana Kwai Fong, kukamwa kuli yasa.

Kwai Fong anali atakonzekera kutukwanidwa, kumenyana, kung'ambirana malaya. Izi sanazikonzekere. Anaona mphika wa nsomba ukuwira kuseri, nsapato ziwiri zitagundana pakhomo, ndi nsalu za m'mawindo, zachikasu, mtundu umene iye sakanasankha.

"Dzuka," anatero. "Sindinakuchitire chifundo. Ndinkadana nawe. Ndinkafuna uchoke, basi."

"Ndinadziwa, achemwali. Chipeso chija chinkapweteka." Kapu inali ikadali m'mwamba. "Komabe imwani."

Anamwa, poti msewu wonse unali kuyang'ana. Tiyiyo anali wabwino, ndipo zimenezo zinamupsetsanso mtima.

Sanabwerere kwa Mayi Lok. Anauza wokoka ngolo kuti apite ku ofesi ya Bwana, nakhala pa benchi mpaka anaitanidwa. Womasulira, amene ankamudziwa, anayamba kulemba mayankho asanafunse n'komwe.

"Dikirani, achimwene," anatero Kwai Fong. "Lero mulemba zina. Ndinabwera ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anandigulitsa amalume. Fufutani dzina langa m'bukumo."

Mzunguyo anavula magalasi, nafunsa chifukwa chimene anakhalira chete zaka zonsezi.

"Muwauze kuti kamwana kokolopa masitepe kali ndi nyumba yake, ine ndilibe."

Womasulira anamasulira zina zaulemu.

Kunyumba ya atsikana anakhalako miyezi isanu ndi itatu, wamkulu kuposa onse. Amuna ankabwera ndi mboni zawo, n'kumuyang'ana pang'ono, maso n'kupitirira kwa ang'onoang'ono. Mmodzi yekha, wogulitsa makala wopanda mano akutsogolo, ndiye anamufuna, Kwai Fong n'kukana. Pomaliza akuluakulu a panyumbapo anamupezera ntchito yolera ana kwa wamalonda wina wa mpunga, ndipo anakhala komweko mpaka imvi, akulemekezedwa ndi kuopedwa.

Pa chaka chatsopano chilichonse Sau Ying ankabwera kudzamuona, atanyamula makeke, ana ali pambuyo: awiri, kenaka anayi, kenaka asanu. Ankawauza kuti agwadire azakhali. Kwai Fong ankawapatsa timaenvulopu tofiira ta ndalama, n'kuwatsina masaya mowawitsa pang'ono. Alendo akachoka, ankauza wophika kuti makekewo ndi olimba, kuti mwana wachitatu ndi wamakutu aakulu, ndiponso kuti mkazi uja wakalamba msanga. Wophikayo ankangovomera.