Chidindo cha Nyenyezi Zitatu

Kalata inafika wosoka nsapato ali pakati podula chikopa. Loya wa fakitale ina ya nsapato ankamulamula kuti asiye kudinda nyenyezi zitatu pa nsapato zake, ati chizindikirocho chili ndi mwini wake.

Anaseka mpaka kutsokomola. Mwini wake uti? Chidindo chachitsulocho anasula ndi malemu bambo ake, ndipo kwa zaka makumi awiri iye ankachiwotcha pamoto n'kudinda pa nsapato iliyonse. Anthu sankafunsa dzina lake, ankangotembenuza nsapato kufuna nyenyezi.

Mlongo wake anali atamuchenjeza kale. “Achimwene, kalembetseni chizindikirochi kuboma.”

Koma mlamu wake, katswiri wa zinthu zomwe sanachitepo, anadula nkhani. “Zimenezo n'za makampani, alamu. Chitsulo chili m'kabati, kiyi ali m'thumba. Wakuba aba bwanji?”

Tsopano kuseka kutatha, anapita ndi kalatayo kwa mlangizi wa zamalonda. Anaika chidindo patebulo kuti chimuchitire umboni.

“Chitsulochi n'chanu ndithu, bambo,” anatero mlangiziyo mofatsa. “Koma chuma sichili m'chitsulo, chili m'nyenyezi zimene anthu amazikhulupirira. Zimenezo anzanu analembetsa zaka zinayi zapitazo. Mukhoza kutsutsa, koma mlandu wake ndi wautali. Muli ndi chithunzi chakale, kapena pepala losonyeza kuti munayamba ndinu?”

Analibe. Umboni wake wonse unathera m'mapazi mwa anthu. Mtima unamuwawa, makamaka pokumbukira kuti mwini fakitaleyo ankabwera kudzagula nsapato ziwiriziwiri, akuyamikira, iye n'kumamupatsa mpando.

Anayamba kusoka zopanda chidindo. Chikopa chomwecho, ulusi womwewo, manja omwewo, koma nsapato zinkangotuwa ndi fumbi pashelefu. Mlamu uja sanaonekenso.

Tsiku lina m'shopu mwake munalowa mayi wina ndi mwana wa sukulu. Mayiyo ananyamula nsapato, anaitembenuza, n'kuibweza pamalo pake.

“Pepani bambo, ndikufuna zenizeni, za nyenyezi zitatu. Zoberazi sizikhalitsa.”

Wosoka nsapato anapisa dzanja m'thumba, nagwira chitsulo chozizira cha bambo ake. Anangowayang'ana akuwoloka msewu kupita kusitolo yogulitsa nsapato za fakitale ija.

Phunziro: Dzina, chizindikiro ndi luso la bizinesi yanu ndi katundu, koma satsekeredwa ndi loko. Lembetsani msanga ndipo sungani umboni, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.