Chipata cha Mzinda Wachitatu

A Venâncio anathyoka mwendo njinga yodzaza matumba a mbatata itawagwera pamtsetse wa ku Kalomwe. Kwa zaka makumi awiri ankawolotsa katundu wa anthu pamalire a dziko pamenepo. Tsopano ankangokhala pakhonde, mwendo uli m'chikhakha, mphepo ya m'mapiri ikuwalowa m'mafupa.

Mlongo wawo Teodora, mphunzitsi wa ku Ulongwe, anawasiyira telefoni yakale yokhala ndi jogu, masewera a pafoni, kuti masiku aziyenda. M'masewerawo munali mizinda isanu yozingidwa ndi malinga, uliwonse ndi mfumu yake. Wosewera ankayamba ali wothawa nkhondo, wogona m'chisakasa kunja kwa linga. A Venâncio ataona zisakasazo anangopukusa mutu. Iwo anakulira m'zotero ku Dedza, kufikira banja lawo litabwerera kwawo mu 1993.

Mzinda woyamba unafuna dokumentu ya kubadwa. Wachiwiri unafuna kuti nzika ina iwaikire umboni. Wachitatu unawalola atasenza miyala yomangira linga kwa masabata atatu. Anakhala wosesa mumsika, kenaka anawakweza kukhala mlonda wa pachipata. Akazi awo, a Quitéria, ankadandaula kuti atopa kukatchajitsa telefoni kwa aneba a sola, koma ankapitabe.

Tsiku loyamba pachipatapo kunafika mayi wosenza mtolo, ana awiri ali m'mbuyo. Jogu inafunsa ngati awabweze kapena awalowetse. A Venâncio anawalowetsa. Nthawi yomweyo jogu inawalanda mkondo wa ulonda, n'kuwaponya kunja kwa linga kumene anayambira.

Anaimbira Teodora kufunsa ngati panali njira ina. Iye anati aliyense amabweza mayiyo ndi ana ake, chifukwa ukapirira umadzakhala nduna, ndipo nduna imatha kusintha lamulo.

"Nanga iwe unafika pa undunapo?"

"Ayi achimwene, ndinatopa ndili mlonda."

A Venâncio anayambiranso. Anasenza miyala ija masabata ena atatu, anasesa msika, analandira mkondo. Mayi uja atafikanso ndi ana ake, a Venâncio anakhala nthawi yaitali chala chili m'mwamba. Kenaka anawabweza. Jogu inawapatsa chipewa chachitsulo ndi kachipinda m'kati mwa mzinda. A Quitéria atafunsa chimene chawakhumudwitsa, anangoti mwendo ukuwawa.

Anasewerabe masiku angapo, akubweza anthu m'mawa ndi masana, koma unduna sunaoneke. Teodora atabwera kudzawaona anamubwezera telefoniyo, nati maso ayamba kuwavuta.

Chikhakha anachichotsa mu Setembala. Atabwerera ku Kalomwe anapeza amalonda amene ankawanyamulira katundu atazolowerana ndi ena. Mwendowo sunkalolanso matumba a mbatata, choncho anayamba kuwolotsa kabichi ndi tomato, maulendo awiri patsiku, akumatsika panjinga paliponse pamene pali chitunda.