Chiliza cha a Smart

"Imani! Imani kaye inu amisiri, pamenepo pagona amuna anga!"

Geoffrey, mmisiri womanga ziliza, anaima fosholo ili m'manja. Amene ankakuwayo anali a Gertrude, mayi wamasiye wa m'mudzi momwemo ku Lirangwe. Anafika kumandako akupuma wefuwefu, duku litagwera paphewa. Simenti inali itasakanizidwa kale, madzi atathiridwa.

Miriam anatembenukira mchimwene wake. "Achimwene, si paja munati manda a ababa ndi awa?"

"Ndi omwewa," anatero Yobu, koma maso ali pansi.

"Bodza!" anatero a Gertrude. "A Benson anga tinawaika apa, Lachiwiri. Bambo anu munawaika Lachinayi, apo."

"Apo pake pati, mayi?"

A Gertrude analoza mtumbira wakumanzere. Kenaka dzanja linasunthira kumanja, nkubwereranso. Nawonso sankadziwa.

Mitumbira inali iwiri, yogundizana, yofanana msinkhu. Mitanda yathabwa imene inali ndi mayina inapsa mu Seputembala, osaka mbewa atatentha tchire. Yobu, amene amakhala mtunda wongoyenda pansi kuchokera kumandako, anaona phulusalo koma osauza munthu. Anangoti mumtima akumbukira. Kukumbukira kwake kunali komweku!

Miriam anali atabwera m'mawa kuchokera ku Chileka, komwe amasesa ku bwalo la ndege, atanyamula mwala wolembedwa dzina la bambo ake: Smart Maluwa, zaka 96. Mawa lake abusa, kwaya ndi abale a ku Mdeka ndi kwa Kuntaja ankabwera kudzaona chiliza. Ena anali kale m'njira.

"Inu mukutuluka thukuta chonchi bwanji ngati mukudziwa?" anafunsa Miriam. "Tsiku lija si inu munaima kutsogolo?"

"Ndinkalira, chemwali. Munthu akamalira amawerenga mitumbira? Nanga inuyo bwanji?"

"Ife azimayi anatikhazika kumbuyo uko. Ndinkangoona misana ya azibambo."

Anaitanitsa Kingsley, mmodzi mwa amene anakumba mandawo. Anabwera ndi khasu lake kuchokera kudimba, nazungulira mitumbirayo kawiri, akukanda m'mutu.

"Sabata imeneyo tinakumba anayi, mvula ili pamsana. Awiriwa ndi anu ndithu. Koma kuti uyu ndi uyu, ayi, ndinganame."

Miriam anatsegula foni. Zithunzi zinalipo zambirimbiri: bokosi, nkhata zamaluwa, zidzukulu zitavala mayunifolomu a kwaya. Palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinaonetsa mtumbira woyandikana nawo. Anakhala pansi padothi pomwepo, chitenje chatsopano chomwecho.

"Kale zikatere tinkafunsa ndani?" anatero ndi mawu otsika.

Onse ankadziwa. Ankafunsa a Smart. Mkuluyo anabadwira kwa Kuntaja, makolo ake atafika wapansi kuchokera ku Mozambique. Anatchetcha udzu ku bwalo la ndege ali mnyamata, kenaka anakwatira ku Lirangwe nayamba ukalipentala. Mitanda yambiri ya m'mandamo inatuluka m'manja mwake. Ankatha kuyenda mzere wonse ndi ndodo yake akutchula mayina, uyu ndi uje, anamwalira chaka cha njala, uyu mwana wa uje. Analera ana asanu ndi awiri, nanyamulapo zidzukulu makumi atatu, ndipo aliyense anamupangira kampando kake. Lero munthu ameneyo ndi amene anasowa pakati pa mitumbira iwiri.

"Mayi, simentitu siidikira munthu," anatero Geoffrey. "Ikauma apa musadzati ndine. Tangolozani amodzi, mwala ukakhala pamenepo ndi pomwepo. Akudziwa ndani?"

"Ndikudziwa ine!" Miriam anadzuka. "Ndizibwera kuno chaka ndi chaka kudzalira bambo a eni, ababa ali pambali udzu ukuwamera? Munthu anandipalasa pa njinga kupita nane kusukulu mpaka ndevu zinachita imvi. Ayi, zimenezo zokha ayi. Mayo ine, ababa, tawatayatu!"

Analira mokweza, osachita manyazi. Yobu anafuna kumugwira paphewa koma anamukankha.

"Nanga tikumbe tione bokosi?" anatero Yobu.

"Mwapenga?" anatero Kingsley. "Khasu langa silikhudza pamenepo. Ameneyo ndi mlandu."

A Gertrude anamanga duku lawo bwinobwino, nayandikira.

"Mwanangu, ine chiliza sindidzamanga, ulimi wanga ukuudziwa. Sankha iweyo. Otsalawo ndi anga, ndizilimira omwewo."

Miriam anawayang'ana mayiwo, mapazi ong'aluka, maso ofiira. Kusankha kunamukanika. Anapukuta nkhope ndi chitenje natembenukira mmisiri uja.

"A Geoffrey, chiliza chimodzi chingakwane manda onse awiri?"

"Chingakwane, koma chikhala chachifupi. Masitepe aja ndi matailosi muiwale. Ndiponso abale anu akaseka, ine dzina langa musatchule."

"Aseke. Mangani. Mwalawu muuike pakati, kumutu. Dzina la a Benson mulembe pansi pake simenti isanaume."

"Chemwali, akuluakulu a kwa Kuntaja akafunsa tidzati chiyani?" anafunsa Yobu.

"Mudzawauza ndinu za moto uja. Tengani wilibala, njerwa sizikwana."

Yobu anatenga wilibala.

Mawa lake anthu anadzaza kumanda. Nsalu itachotsedwa panamveka manong'onong'o. Chilizacho chinali chotambalala ngati khonde, ndipo dzina lachiwiri linali lolembedwa ndi msomali, zilembo zopendama. Azakhali ena a ku Mdeka anafunsa mokweza ngati a Smart anakwatira kumandako, koma palibe anaseka.

Abusa atamaliza pemphero, anaitana abale a malemu awiriwo kuti aike nkhata. Miriam anagwada kumanja, a Gertrude kumanzere. Aliyense analira wake, akusisita simenti. Patapita kanthawi Miriam anadzutsa mutu, napeza a Gertrude akumuyang'ana. Anadzuka onse awiri, nasinthana malo, nkugwadanso, nkuyambiranso kulira.