Mikungudza ya pamalire

Kalolaine Fifita ankati dzuwa la ku Invercargill, tauni yozizira ya m'mbali mwa nyanja, ndi laulesi kale, ndiye munthu wina azikubisiranso ndi mitengo, imeneyo ndi nkhanza. Munthuyo anali a Alasdair Gilchrist, neba wake, mkulu amene anaweta nkhosa moyo wake wonse asanasamukire m'tauni. Pamalire a nyumba zawo, chakumadzulo, panali mpanda wa mikungudza wautali kuposa denga. Dzuwa likangopendeka, mthunzi wake unkaphimba dimba lonse la Kalolaine.

M'dimbamo munali zinthu zimene anthu a kumeneko ankati sizingamere: madumbe, amene ena amati koko, jinja ndi nthochi zingapo pafupi ndi khoma la njerwa la galaja. Kalolaine anachoka ku Tonga, kwawo kotentha, ali mtsikana kudzagwira ntchito pafakitale ya nyama. Kuzizira anazolowera, koma masamba a madumbe a m'firiji ya kusitolo anamukanika. Mphukira ya nthochi anapempha kwa mlamu wake wa ku Auckland. Inakula, inaswana, koma sinabalepo.

"Ndi mthunziwu," ankatero kwa mwamuna wake, Penisimani.

"Si mthunzi, Kalo, ndi dziko. Nthochiyo ikungodabwa kuti inalakwa chiyani."

"Inu za nthochi mukudziwapo chiyani kupatula kudya?"

"Kudyakonso pakhomo pano sindinayambe."

Chaka chilichonse Kalolaine ankapita kwa nebayo ndi mbale ya nyama ya nkhosa yokulunga m'masamba a madumbe, yothira mkaka wa kokonati. "Aneba, mungodulako pamwamba pokha," ankatero. A Gilchrist ankalandira mbaleyo, kuthokoza, n'kunena kuti akazi awo, a Morag, amakonda mbalame zimene zimagona mmenemo. Nkhani inkathera pomwepo.

Kenaka a Morag anadwala. Ana awo anali kutali, ndipo nebayo, amene ankatha kuthandiza nkhosa pobereka pa chisanu, anasowa pogwira mkazi wake atalephera kudzuka pabedi. Kalolaine sanadikire kuitanidwa. Akaweruka kuntchito ankapita kukawasambitsa, kuwapesa tsitsi ndi kuwaimbira nyimbo za kutchalitchi kwawo, zimene a Morag sankamva mawu ake. Anamwalira mu Febuluwale.

Loweruka lina, maliro atapita, Kalolaine akuchokera ku kwaya anamva makina ochekera mitengo akulira. Atakhota pakona ya nyumba anaima. Mpanda wonse unali pansi, ndipo dzuwa la madzulo linali mbee pamasamba a nthochi, pamalo pamene linali lisanafikepo. A Gilchrist anazimitsa makinawo, utuchi uli m'nsidze.

"Dzuwa lanu lija ndi limeneli," anatero.

Kalolaine anawayandikira. Anangowagwira dzanja.

Mu Epulo nthochi yaikulu inatulutsa duwa lofiirira, ndipo kumbuyo kwake kunayamba kuoneka tizala tobiriwira. Azimayi a kutchalitchi ankabwera kudzaona. Ngakhale Penisimani anasiya zoseleula, ankaima pansi pake m'mawa ndi kapu ya tiyi.

Mphepo yochokera kunyanja inafika kumapeto kwa Meyi, monga imachitira chaka chilichonse. Koma ulendo uno panalibe choitchinga. Inawomba masiku angapo, ndi matalala omwe. Itadeka, masamba a nthochi anali atang'ambika ngati nsanza, madumbe atada n'kugona m'matope, ndipo thunthu la mkoko lija litathyoka pakati.

Kalolaine anaima m'dimbamo nthawi yaitali. Zaka zonsezi ankamva mphepo imeneyi ikulira pamwamba pa mikungudza, koma sanadzifunsepo chifukwa chake pansi pankakhala bata. Maso ake anali pa dzuwa lokha. Tsopano chimene chinkamuvuta kwambiri sichinali nthochi ayi, koma mkulu uja. Anatenga chikwanje kuti achotse zonse asanaone.

"Mukubisa chiyani?" anafunsa Penisimani ali pakhomo. "Zenera la khitchini yawo ndi ilo, likutiyang'ana."

Zinali zoona. Mpanda kulibe, panalibenso chobisika.

Masana a Gilchrist anabwera akukoka ngolo yodzaza ndi ubweya wa nkhosa wotsalira pometa, wakuda, wonunkha khola. Anali atakautenga kufamu kwa mnzawo.

"Ndinkadziwa kuti mphepo idzalowa," anatero, osamuyang'ana. "Mitengo ngati imeneija tinkaidzala kufamu kuti ana a nkhosa asafe. Koma munapempha nthawi yaitali kuti ndiidule, ndipo ndinalibe china chokupatsani. Ndinkati mwina zomera zanu mumazidziwa kuposa ine."

"Ndimazidziwa mmene zimakhalira kwathu," anatero Kalolaine. "Za kuno ndinayenera kukufunsani."

"Mukanafunsa, ndikanangoti ng'ung'udu. Morag ankati kundifunsa ine ndi kufunsa chipata n'chimodzimodzi."

Anagwira ntchito mpaka dzuwa kutsika. Anadula makungwa onse oola, anakulunga zitsa ndi ubweya, n'kumanga ziguduli pamwamba. Penisimani anakumba maenje pamalire, naimika mitengo yokokerapo ukonde wotchinga mphepo. Tinthochi tija Kalolaine anatitola m'matope, anatitsuka n'kutiphika. Tinali tolimba, tosakoma kwenikweni, koma atatuwo anadya pamodzi, ndipo palibe anadandaula.

Nyengo yozizira ija Kalolaine anaona zinthu zimene mpanda unkabisa. Anaona kuti mkuluyo amadya choimirira pafupi ndi sinki, buledi ndi tiyi basi, ndiponso kuti jekete la akazi awo lidakali pachingwe cha pakhonde, mvula ikulinyowetsa. Anangouza Penisimani kuti kumapeto kwa ukondewo asiye mpata wodutsa munthu, ndipo Lamlungu lililonse akachokera kutchalitchi ankaikira mkuluyo mpando patebulo pawo.

Mu Okutobala anamasula ziguduli. Zitsa zina zinali zitaola, zinangophwanyika m'manja. Madumbe ambiri anaphukanso. Pachitsa cha pafupi ndi khoma panali kamphukira kosongoka, kafupi ngati chala. A Gilchrist anagwada movutikira, anakakhudza ndi nsonga ya chala chawo, nafunsa kuti kadzabala liti.

"Mwina zaka zingapo, mwina osabala n'komwe," anatero Kalolaine.

Mkuluyo anagwedeza mutu, anakokera ubweya pafupi ndi kamphukirako, n'kupempha Kalolaine kuti amuthandize kuimirira.